Galimoto yowomba poiliza: kafufuzidwe ka vuto lobwera mwa apo ndi apo

Kuno ku Dedza, Juni ndi Julaye akafika, madandaulo a eni galimoto za petulo amafanana. Munthu wapotokola kiyi m'mamawa, sitata yazungulira kawiri katatu, kenako phuu! Galimoto yawomba, utsi tolo, injini n'kuzima kapena kudzuka monyinyirika. Mawa lake ilira bwinobwino. Mkuja yayambiranso. Mukapita nayo ku galaja masana dzuwa litakwera, makaniko amailiza kangapo popanda chovuta, n'kukuuzani kuti, "Bwana, galimoto ilibe vuto iyi." Wina safuna kuti mubwerere chimanjamanja, ndiye amati mugule mapulagi. Sabata yotsatira koilo yopanga moto wa mapulagi, kenako pampu ya mafuta. Ndalama zikupita, bakifaya, kuwomba kuja, ili pomwepo.

Injini ya petulo imafuna zinthu zitatu kuti idzuke bwino: mpweya ndi petulo zosakanizika pa mlingo wake, moto wa pulagi wofika pa nthawi yake, ndi mavalavu otseka bwino kuti motowo uyakire mkati mwa silinda. Kuwomba ndi moto umene wayakira kunja kwa silinda, kaya m'njira yolowera mpweya kapena mu ekizozi. Tsono chinthu chothyokeratu sichisankha tsiku. Ngati galimoto ikuwomba lero n'kupuma mawa, ndiye kuti pali chimene chikusintha pakati pa lero ndi mawa: kuzizira, chinyezi, mphamvu ya batire, petulo amene mwathira, kapena waya wogwedera. Ntchito yanu ndi kupeza chosinthacho, ndipo zambiri mwa izi mungazione nokha pakhomo musanagule kanthu. A galimoto za dizilo, nkhaniyi si yanu, poti injini zanu zilibe mapulagi a moto.

Choyamba, makutu ndi kabuku

Pezani munthu woti akulizireni galimoto inu mutaima panja. Mukakhala pampando wa dalaivala simungadziwe komwe phokoso lachokera. Tsegulani boneti, imani cha pambali, mumvetsere.

Ngati kuwombako kukutulukira kutsogolo, pa kabuleta (chosakanizira petulo ndi mpweya) kapena m'bokosi la air cleaner (chosefera mpweya), kumakhala kwakufupi, kuja amakaniko amati galimoto ikuyetsemula, ndipo nthawi zina mumaona kautsi koyera kapena kalawi. Apa moto wabwerera kudzera pa valavu yolowetsa mpweya. Kawirikawiri petulo amakhala wachepa mu msakanizo. Msakanizo wotero umapsa mochedwa, moti valavu ikamatsegukanso moto umakhala usanazime. Mwinanso moto wa pulagi walowa mu silinda yolakwika, kapena valavuyo siikutseka.

Ngati kukutulukira kumbuyo, ku sayilensa, kumakhala kwamphamvu ngati mfuti, ndi utsi wakuda komanso fungo la petulo. Apa petulo wosapsa wadzaza mu ekizozi pamene sitata imazungulira pachabe, ndiye silinda imodzi itangogwira moto, lawi lake layatsa petulo yense uja. Ganizirani za petulo wochuluka kapena moto wodukiza.

Palinso mtundu wachitatu umene anthu amausokoneza ndi iwiriyi. Sitata ikuzungulira, mwadzidzidzi gwa! injini yakana n'kukankhira m'mbuyo. Uwu ndi moto wofulumira kwambiri, woyaka pisitoni isanafike pamwamba. Musaulekerere, umaswa mano a sitata ndi a flywheel.

Mukadziwa mbali, lembani m'foni kapena m'kabuku kwa sabata imodzi kapena ziwiri: inali nthawi yanji, kunja kunali nkhungu kapena ayi, galimoto inagona pabwalo kapena pansi pa denga, inayenda liti komaliza, petulo munathira kuti ndipo watsala wochuluka bwanji. Zimaoneka ngati zachibwana, koma zimadula ntchito pakati. Yowomba m'mawa wa nkhungu wokhawokha ikuloza ku batire ndi ku moto. Yowomba itatentha, mwachitsanzo mwaima mphindi 15 pa Lizulu kugula kachewere ndi kabichi, pobwera kudzailiza ndi pamene ikuwomba, ikuloza ku nozo (kopopera petulo mu injini) yodontha, petulo wowira mu kabuleta, kapena koilo ndi sensa zofooka zikatentha. Imene inayamba mutangothira mafuta kwinakwake, yambirani pa mafutawo. Imene inayamba itangochoka ku galaja, yambirani pamene makaniko anagwira.

Za moto weniweni

Pali chizolowezi chochotsa air cleaner, wina n'kumathira petulo wa m'botolo pakamwa pa kabuleta mnzake akuliza. Pa galimoto yoyetsemula, uku ndi kudziputira ngozi. Lawi limatuluka mwamphamvu, limagwira botolo, dzanja ndi nkhope. Air cleaner ikhale pamalo pake nthawi iliyonse imene mukuliza, chifukwa ndi imene imatsekereza lawilo. Khalani ndi chozimitsira moto pafupi, kapena ndowa ya mchenga ndi chiguduli chonyowa. Kalawi kakagwira pakamwa pa kabuleta, wa pa kiyi asasiye, apitirize kuzungulitsa sitata kuti injini imeze lawilo. Ndipo musayese zonsezi m'nyumba yotseka, utsi wa ekizozi umapha mwakachetechete.

Batire ndi mawaya ake

Ambiri amalilumpha batire poti sitata ikuzungulira. Koma boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo usiku wa kuno batire limafooka, oyilo amalimba, sitata imakoka magetsi ochuluka kuti itembenuze injini. Otsalira koilo amachepa. Moto wa mapulagi umakhala wofooka, masilinda amameza petulo osamuwotcha, n'kumulavulira mu ekizozi. Tsiku lotsatira kukafunda pang'ono, kapena galimoto ikakhala kuti inayenda ulendo wautali dzulo lake, batire limakhala ndi mphamvu ndipo zonse zimayenda bwino. Ndi chifukwa chake vutoli limabwera n'kumapita.

Bwerekani multimeter (choyezera magetsi) kwa wokonza mawailesi kapena wa zamasola. M'mawa musanalize, batire lodzaza limaonetsa 12.6 V. Likaonetsa 12.2 lili cha pakati, ndipo pansi pa 12.0 latsala pang'ono kutheratu. Muyeso wofunika kwambiri ndi wa pamene sitata ikuzungulira: usatsike kupitirira 9.6 V. Injini ikadzuka muone pakati pa 13.8 ndi 14.5 V. Zikachepera apa, alternator siikudzaza batire.

Onani mitu ya batire. Ufa woyera kapena wobiriwira utsukeni ndi madzi otentha othira soda, mupale ndi sandipepa, mumange zolimba. Zokhomera msomali kapena kachitsulo pamutu wa batire kuti waya ugwire, zisiyeni, gulani chomangira china. Kenako tsatirani waya wakuda wa earth kuchoka pa batire mpaka pamene wamangidwa pa bodi ndi pa injini. M'misewu yathu ya mabampu bawuti yake imamasuka, dzimbiri n'kulowa pansi. Kuyesa kwake n'kosavuta: tengani chingwe chojampira, mbali ina pamutu wa negative, ina pa chitsulo choyera cha injini, mulize. Kuwomba kukasiya m'mawa umene kukanayenera kuchitika, mwalipeza.

Pa galimoto zakale za mapoyinti (tizitsulo tiwiri todula ndi kulumikiza magetsi a koilo) pali kachinthu kamene achinyamata ambiri a m'magalaja sakadziwa. Pafupi ndi koilo pamakhala ballast resistor yochepetsa magetsi injini ikamayenda, ndipo pali waya wina umene umailambalala pa nthawi yoliza yokha kuti koilo ilandire magetsi onse. Waya ameneyu akaduka kapena kugwedera, moto umafooka poliza pokha, pamsewu galimoto n'kumathamanga bwinobwino.

Mapulagi, zingwe, distributor ndi makoilo

Apa ndi pamene mavuto ambiri a m'mawa wa nkhungu amabisala, choncho musathamange.

Masulani mapulagi injini itazizira, muwandandalike motsatana, 1 mpaka 4, kuti mudziwe iliyonse kwawo. Silinda yoyamba ndi ya kumbali kwa malamba. Pulagi yabwino nsonga yake imakhala yotuwa kapena yofiirira pang'ono. Ya mwaye wakuda wouma ikunena kuti petulo akuchuluka. Yoyera mbuu, petulo akuchepa kapena mpweya ukulowera pena. Yonyowa ndi petulo, moto sukufika kapena nozo ikudontha. Yonata ndi oyilo, nkhani yake ndi ya mkati mwa injini. Chofunika kwambiri si mtundu wokha koma kusiyana: zitatu zikafanana, imodzi n'kukhala payokha, silinda imeneyo ndiyo yoyamba kuifunsa. Onaninso mbali yoyera ya pulagi ngati ili ndi mng'alu kapena kamzere kakuda kotsika m'mbali, chifukwa moto umathawira pamenepo kukakhala chinyezi.

Mpata wa pansonga muuyeze, musamangouona ndi maso. Pa injini ya 1NZ ya mu Probox, Sienta ndi ma Corolla ena ndi 1.1 mm, pamene injini zambiri zakale za kabuleta zimafuna cha pa 0.8 mm. Pulagi ikamatha mpatawo umakula, ndipo moto umavutika kudumpha makamaka pamene batire lafooka. Mapulagi a iridium, a nsonga yopyapyala aja, sapalidwa ndi sandipepa. Ndipo chenjerani pogula: mapulagi achinyengo olembedwa NGK kapena Denso ndi ambiri, ndipo galimoto ikhoza kuyamba kuwomba chifukwa cha mapulagi atsopano amene.

Ngati galimoto yanu ili ndi zingwe za mapulagi, tsimikizani kaye kuti zili m'malo mwake. Injini zambiri za masilinda anayi zimayatsa motsatana chonchi: 1-3-4-2, kuzungulira pa kapu ya distributor (chogawira moto ku mapulagi) mbali imene rotor, kamkono kozungulira mkati mwa kapuyo, imalowera. Zingwe ziwiri zikasinthana malo galimoto imawomba nthawi zonse, osati mwa apo ndi apo, choncho ngati palibe amene anazigwira posachedwa, vuto silikhala limenelo. Chimene chimachitika kwambiri ndi zingwe zokalamba zogundana. Mphira wake umang'aluka, nkhungu ikalowa moto wa silinda ina umadumphira m'chingwe cha inzake, n'kukayatsa valavu ili chitsegukire. Dikirani usiku, lizani injini pamdima, tsegulani boneti. Mukaona timoto tabuluu tikuthwanima pa zingwe kapena pa koilo, zatha. Ngati simukuona kanthu, wazani timadzi pang'ono ndi botolo lopopera, mumve ngati injini iyambe kudukiza. Musagwire chingwe ndi dzanja injini ikulira. Pa multimeter, zingwe za Toyota siziyenera kupitirira 25 kΩ chilichonse.

Tsopano kapu ya distributor. Eni ma Corolla a injini ya 5A, Hilux ndi Hiace za 4Y, ndi Nissan 1400 zimene zikunyamulabe kachewere ku Bembeke ndi ku Tsangano, apa ndi panu. Tsegulani kapuyo m'mawa kwambiri, musanalize, muone mkati. Mukapeza timadontho ta madzi, pukutani ndi kansalu kouma, mutseke, mulize. Ikadzuka bwino, bwerezani m'mawa wina wa nkhungu kuti mutsimikize. Yang'anitsitsani ndi tochi ngati muli timizere topyapyala takuda tochokera pa chitsulo china kupita pa chinzake. Ndi njira imene moto wadzipsereza wokha, ndipo kukauma siigwira ntchito, kukanyowa moto umaitsata. Ena amapala ndi mpeni, koma zimenezo n'zongofikira ku shopu. Kapu yotero ndi yosintha, pamodzi ndi rotor. Onaninso kachidutswa ka khala ka pakati pa kapu ngati kakadali ndi sipuling'i yake.

Kapu ili chitsegukire, gwirani rotor muipotoze pang'ono mbali imene imazungulira, n'kuisiya. Pa distributor zakale iyenera kubwerera yokha msanga. Pansi pake pali tizitsulo tiwiri timene timatambasuka injini ikathamanga kuti moto ufulumire, ndipo injini ikazima timabwerera. Tikachita dzimbiri, tsiku lina timabwerera, tsiku lina timakanirira panjira. Tsiku limene takanirira, mumailiza galimoto moto uli wofulumira, ndiye kuwomba kutsogolo kuja kapena kukankhira sitata m'mbuyo. Kutsuka ndi kudonthezera timafuta kumathetsa vutoli popanda kugula kanthu. Gwedezaninso shafiti cham'mbali: ikamagwedera kwambiri, moto umasinthasintha nthawi. Bawuti yomanga distributor ku injini ikhale yolimba. Ngati muli mapoyinti, mpata wake ukhale cha pa 0.45 mm, asakhale opserera, ndipo posintha musinthire limodzi ndi kondensa.

Galimoto zambiri zobwera kuchokera ku Japan masiku ano zilibe distributor, pulagi iliyonse ili ndi koilo yake pamwamba. Zulani makoilo muone m'mayenje mwake. Mukapeza oyilo, gasiketi ya chivundikiro cha pamwamba ikudontha. Mukapeza madzi, kumbukirani ngati anyamata otsuka galimoto anapopera injini. Mphira wa kumunsi kwa koilo ukang'aluka kapena kukhala ndi madontho oyera opserera, moto ukuthawira m'mbali. Musagule makoilo onse anayi. Imene mukuikayikira isinthanitseni malo ndi inzake, muone ngati vuto lisamuke nayo.

Petulo ndi mpweya

Pa galimoto za kabuleta yambani ndi choko. Injini itazizira ndiponso itazima, chotsani chivundikiro cha air cleaner, pondani mafuta kamodzi, muone kachitseko ka pamwamba pa kabuleta. Kayenera kutseka, n'kumatseguka pang'onopang'ono injini ikamatentha. Kakakanirira kotsegula, petulo amachepa ndipo galimoto imayetsemula kutsogolo. Kakakanirira kotseka, petulo amasefukira ndipo imawomba kumbuyo. Nthawi zambiri ndi litsiro chabe pa timipiringidzo take. Mukadali pomwepo, injini ili chizimire, kokani waya wa mafuta muone ngati kamtsinje ka petulo kakuthoboka mkati. Ngati palibe, kapampu ka mkati katha kapena kabuleta yauma usiku. Makabuleta ambiri a Toyota ndi Nissan ali ndi kagalasi m'mbali, ndipo petulo ayenera kuonekera pakati pake, m'mawa ndi masana omwe.

Madalaivala ambiri vutoli amaliwonjezera okha ndi phazi. Galimoto ikachedwa kudzuka amapopa mafuta kambirimbiri, ndipo kupopa kulikonse kumathira petulo wina. Mukamva fungo la petulo, pondani mafuta mpaka pansi, phazi likhale pomwepo osapopa, mulize masekondi osapitirira 10, mupumitse sitata theka la mphindi, mubwereze.

Palinso nkhani ya phiri. Mpweya wa pa Dedza ndi wopepuka ndi pafupifupi 15 peresenti poyerekeza ndi wa ku Beira kapena Durban. Galimoto ya kompyuta imadzikonza yokha, koma kabuleta siidziwa kuti yakwera. Yotcheredwa ku Salima kapena ku Nchalo ikakwera kuno imamwa petulo wochuluka kuposa mpweya umene ikupeza, mapulagi amada, ndipo m'mawa wozizira amakana moto. Ngati galimoto imakhala kuno, itcheredwe kuno.

Pa galimoto za manozo, funso ndi lakuti kodi petulo akumakhalabe wothinana m'mapaipi galimoto ikagona. Pa Nissan, Honda ndi Mazda zambiri, mukaika kiyi pa ON mumamva pampu ikung'ung'udza masekondi awiri kumbuyo. Yatsani ndi kuzimitsa katatu musanalize. Ikamadzuka bwino mukatero, petulo akumabwerera m'thanki usiku kapena akudonthera pena. Ma Toyota ambiri pampu yake imayamba pokhapokha sitata ikazungulira, choncho musaigamule kuti yafa poti simunaimve. Woyeza kuthinana kwa petulo ndi geji apeze cha pa 3 bar pa injini ngati 1NZ, ndipo patatha mphindi 5 injini itazima patsale pafupifupi theka. Zikagwa msanga, ndi pampu kapena nozo. Nozo yodontha imadziwika chonchi: galimoto imavuta kudzuka ikaima pang'ono itatentha, imawomba kumbuyo, pulagi imodzi imanyowa, ndipo oyilo amanunkha petulo.

Za petulo mwiniwakeyo tinene mosabisa. Mafuta akasowa pa mafiling'i, tonse timadziwa za zigubu za m'mbali mwa M1, poti Mozambique ndi tsidya la msewu chabe. Wina amakhala wabwino, wina wothira parafini, wina wa madzi ndi zinyalala za m'chigubu. Parafini sauluka msanga kukazizira, ndiye injini yozizira imavutika naye, ikatentha n'kumayenda ngati palibe kanthu. Madzi ali ndi nkhani yawo. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe kuyambira 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba, ndipo ethanol amakoka madzi. Madziwo akachuluka amapatukana ndi petulo n'kukhala pansi pa thanki, pamene pampu imayamwira. Galimoto ikagona, zoyamba kufika ku injini m'mawa ndi zimenezo. Thanki yokhala pafupifupi yopanda kanthu imachitanso thukuta mkati usiku wozizira, zimene zimavutitsa a matakisi othira malita awiri awiri. Tapani petulo pang'ono kuchokera pa paipi ya ku fyuluta m'botolo lagalasi loyera, muliike pansi mphindi 10. Mukaona mzere, zina pansi zina pamwamba, thanki ikhuthulidwe ndipo fyuluta isinthidwe.

Mpweya wolowera pamalo osayenera umachepetsa petulo mu msakanizo. Papasani timapaipi tonse ta mphira tochokera pa manifold (njira yogawira mpweya ku masilinda), kuphatikizapo paipi yaikulu yopita ku mabuleki. Paipi yonenepa yochokera ku air cleaner imakonda kung'aluka kunsi, m'makwinya, kumene maso safika, choncho ichotseni muipinde. Gasiketi ya manifold ikakalamba imafota kukazizira n'kusiya kampata, injini ikatentha zitsulo zimafufuma kampatako n'kutsekeka. Makaniko woyeza masana sangakapeze. Lizani injini yozizira, wazani madzi a sopo molumikizira monse, mumve pamene kaliridwe kasinthe. Fumbi la m'misewu ya ku Mayani ndi Kasumbu limadetsanso sensa yoyeza mpweya ya pafupi ndi air cleaner. Imatsukidwa ndi mankhwala ake opopera, kawaya ka mkati osakakhudza.

Masensa ndi makina oyezera

Mukaika kiyi pa ON, nyali ya check engine iyake, injini ikadzuka izime. Ngati siyaka n'komwe, mwina babu linapsa kapena wina analichotsa kuti galimoto igulike. Pansi pa chiwongolero pali soketi ya mabowo 16 yolumikizira makina oyezera. Timakina totchipa tina sitimvana ndi galimoto zina zopangidwira msika wa ku Japan, ndiye kakalephera kamodzi musati kompyuta yafa. Manambala akatuluka ajambuleni pa foni makaniko asanawafufute. P0301 mpaka P0304 akutchula silinda imene ikudukiza, P0300 ndi kudukiza kosasankha silinda, P0171 ndi petulo wochepa, P0335 ndi crank sensor, P0340 ndi cam sensor. Nambala ikutchula dera la vuto, siikulamula kuti mugule sensa. Nthawi zambiri ndi soketi yogwedera kapena waya wodyedwa ndi makoswe, makamaka galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe kapena matumba a chimanga.

Sensa imene imanama popanda kuyatsa nyali ndi yoyeza kutentha kwa madzi. Ikauza kompyuta kuti injini yatentha pamene yazizira, petulo amaperewera poliza. Ikanena kuti kwazizira kwambiri pamene injini yatentha, petulo amasefukira. Lumikizani makina m'mawa musanalize: kutentha kwa madzi ndi kwa mpweya kufanane ndi kwa panja. Pa multimeter, masensa ambiri a galimoto za ku Japan amaonetsa pakati pa 2 ndi 3 kΩ pa 20°C, n'kutsika kufika cha pa 300 Ω pa 80°C.

Timing ndi mavalavu

Izi zibwere pomaliza, poti n'zodula ndipo zimafuna zida. Lamba wa timing, amene amayendetsa mavalavu pa nthawi yake, akadumpha dzino galimoto imafooka nthawi zonse, siisankha tsiku, komabe ngati wapitirira makilomita 100,000 musinthe. Injini za tcheni ngati 1NZ zimachenjeza ndi phokoso la "trrr" kwa sekondi imodzi kapena ziwiri poliza m'mawa, oyilo asanakwere. Tcheni yotamuka kapena giya ya VVT (yosintha nthawi yotsegukira mavalavu) yosagwira bwino imasokoneza nthawi ya mavalavu pa mphindi yomweyo yoliza, ndipo oyilo wokhalitsa kapena wolimba kwambiri amawonjezera vutolo. Pa galimoto ya distributor, timing ya moto itcheredwe ndi nyali yake, osati ndi khutu.

Valavu yomata ndi mwaye imachedwa kutseka injini ikazizira, ikatentha n'kumasuka. Ina imakhala yomangidwa mothina kwambiri moti siikhala pansi bwino. Kuti mudziwe, compression (mphamvu imene silinda imapanikizira mpweya) iyezedwe, ndipo poti vuto lanu ndi la m'mawa, iyezedwe injini ili yozizira. Masilinda asasiyane kupitirira 10 peresenti. Yotsika muithire kasupuni ka oyilo pa bowo la pulagi, muyezenso. Muyeso ukakwera ndi maring'i a pisitoni, ukakhala pomwepo ndi valavu.

Musaiwale kusuzumira pansi. Bowo pa ekizozi, makamaka pafupi ndi injini, limayamwa mpweya umene umathandiza petulo wosapsa kuyaka. Limadziwika ndi mwaye wakuda m'mbali mwake. Kuliwotcherera kumachepetsa kuwomba, koma chimene chikutumiza petulo wosapsa kumeneko chimakhala chikadalipo, ndipo petuloyo amasungunula catalytic converter (chosefera utsi cha mu ekizozi) n'kuphulitsa sayilensa.

Mukafika poti ntchito yakukulirani, pitani nayo ku galaja madzulo, igone komweko pabwalo, ndipo mugwirizane ndi makaniko kuti asailize mpaka inu mutafika m'mawa. Mupatseni zimene munalemba zija. Asinthe chinthu chimodzi pa nthawi, chakalecho akupatseni musunge, ndipo mudikire m'mawa wina wa nkhungu ngati umene galimoto imawombera musanavomere kugula chachiwiri.